Kiliniki ya palliative care: matenda sangachoke, koma ululu ungathe kuchepa

Wodwala khansa akauzidwa kuti palibenso chomwe angachite kuchipatala, abale ambiri amangoti kuvutika ndi gawo la munthu, apirire. Imfa ndi matenda sitingazizembe, n'zoona. Koma ululu womugoneka munthu chokhala usiku wonse uli ndi mankhwala, ndipo makiliniki a palliative care, kutanthauza chisamaliro chochepetsa ululu ndi kuvutika kwa odwala matenda osachiritsika, alipo chifukwa cha zimenezi. Ku Queens ku Blantyre kuli Tiyanjane ya akuluakulu ndi Umodzi ya ana, ku Salima kuli Ndi Moyo yomwe adayambitsa mayi Lucy Finch, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi tsiku lake la kiliniki yotere. M'zipatala za boma salipiritsa.

Popita tengani buku la kuchipatala, mankhwala onse omwe wodwala akumwa, ndi munthu amene amagona naye pafupi, chifukwa ndiye adzamwetse mankhwala kunyumba. Namwino amafunsa pomwe pakupweteka, kenaka wodwala amaonetsa ndi zala: chibakera ndiye kuti palibe ululu, zala zisanu ndiye wafika posauzana. Amayamba ndi panado kapena brufen, zikakanika amapereka morphine wamadzi, mankhwala amphamvu oletsa ululu.

Apa ndi pomwe kilinikizi timaziyamikira, komanso pomwe zinthu zimalakwika kunyumba. Morphine amabwera pawiri: wobiriwira wa 5mg mu 5ml, ndi wofiirira wa 50mg mu 5ml. Kusokoneza mabotolo ndiye kumwetsa mlingo wochuluka kakhumi. Yezani ndi sirinji yomwe apereka, osati sipuni ya tiyi, ndipo mlingo ndi womwe walembedwa m'buku basi. Wodwala amamwa maola 4 aliwonse, 6 koloko m'mawa, 10, 2, 6 madzulo, ndipo wa 10 usiku nthawi zambiri amauwirikiza kuti wodwala agone mpaka kucha. Ambiri amadikira kuti ululu uyambe kaye ndiye amwetse, poganiza kuti akusunga mankhwala. Pamenepo mphamvu yake imakhala itatha m'thupi, ndipo ululu wobwerera umavuta kuutsitsa.

Kwa womwa morphine kudzimbidwa sikulephera, choncho funsani bisacodyl, mankhwala othandiza kuchita chimbudzi, tsiku loyamba lomwelo. Nseru ndi tulo zimatha pakapita masiku ochepa. Zoti morphine amapha ngakhale pa mlingo woyenera n'zabodza zochokera poti ambiri amamuyamba atatsala madzi amodzi. Ululu wootcha kapena wonga kubaya m'mapazi sumvera morphine yekha, amawonjezera mankhwala ena otchedwa amitriptyline usiku. Bala la khansa likamanunkha, amapera mapiritsi a Flagyl n'kuwaza pabalapo, fungo limatsika, abale n'kuyambiranso kulowa m'chipinda. Chinthu chaching'ono koma chimabweza ulemu wa munthu.

Zofooka zilipo. Morphine sapezeka m'zipatala zing'onozing'ono zambiri zakumidzi, ndiye mlonda wa wodwala amayenda mtunda wautali, thiransipoti n'kudya ndalama ya ufa. Nthawi zina mankhwala amatha ku famase. Kuyendera odwala kunyumba kumafika kwa okhala pafupi okha. Ndipo madokotala ena amatumiza wodwala mochedwa, pomwe chisamalirochi chimayenera kuyamba limodzi ndi mankhwala a khansa kapena ma ARV.

Pemphani nokha kuti akutumizeni kukilinikiyi, musadikire. Bwererani kukatenga morphine wina botolo lisanathe, kutatsala masiku atatu kapena anayi, chifukwa kusiya morphine mwadzidzidzi kumabweretsa thukuta, kutsegula m'mimba ndi ululu wonse uja nthawi imodzi.