Chikwama cha asilikali akale chomwe ndinagula pa kaunjika ku Zomba

Mu Disembala ndinapeza chikwama cha asilikali a ku Britain pa kaunjika mu msika wa Zomba, chija amati 58 pattern, chobiriwira, nsalu yake ngati ya tenti. Wogulitsa anayamba ndi K25,000, ine ndinati achimwene tsitsaniko pang'ono, tinamvana pa K18,000 ndipo anandisiyira mesitini, timapoto ta asilikali, yomwe inali mkatimo. Miyezi inayi yakwana ndikuchigwiritsa ntchito nde ndikhoza kunenapo zanga.

Kulimba kokha eee, palibe chokamba. Zikwama zimenezi asilikali anayamba kulandira cha m'ma 1960 mpaka m'ma 1990 pomwe zinabwera za nayiloni, ndekuti changachi chadutsa zaka 30 koma ulusi sunadukepo olo pamodzi. Chilibe zipi, ndi malamba ndi tizitsulo basi, nde mavuto aja a zikwama za ana asukulu zomwe zipi imafa teremu isanathe kuno kulibe. Ndanyamuliramo kachewere, mabuku, tsiku lina mpaka batire ya sola, chili chomwecho.

Koma musanagule dziwani ichi, chifukwa ine sanandiuze. Chikwamachi chilibe malamba akeake a pamapewa. Chili ndi tingowe tomwe msilikali ankakoletsa pa malamba ena omwe ankavala kale limodzi ndi lamba wam'chiuno, nde ukagula chokha ngati ine sungabereke. Ndinapita kwa bambo wina wosoka nsapato, anandisokera malamba awiri okhuthala ndipo anagwira ntchito yabwino zedi.

Vuto lina ndi mvula. Mu Febuluwale tinakwera phiri la Zomba kudzera Ku Chawe kupita ku Chingwe's Hole, mvula inatipeza tili mkati mwa mapaini ndipo nsaluyi imamwa madzi koopsa, chikwama chinalemera ngati ndabereka mwana, malamba analimba gwa moti kumasula ndi zala zozizidwa inali nkhondo, ndipo kunyumba chinatenga masiku awiri pa chingwe kuti chiume.

Tsiku limenelo ndinaganiza kwambiri za malemu agogo anga aamuna. Anali a keyala (King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda), anapita ku Burma mu 1944, ndipo iwo ankanyamula za 37 pattern, zakale kuposa izi koma nsalu yomwa madzi yomweyi. Ine ndinanyowa masana amodzi, iwo ankayenda nazo m'nkhalango nyengo yonse ya mvula, jombo zolemera kumapazi, mfuti paphewa. Pa chithunzi chomwe tili nacho avala kabudula wa khaki ndi nsalu zija zokulunga m'miyendo. Ndikamadutsa pa chipilala cha keyala chija kufupi ndi Cobbe Barracks masiku ano mtima umandiwawa mwina mwake.

Mesitiniyo ndi timapoto tiwiri ta aluminiyamu ta makona anayi, kena kamalowa mu kanzake, zogwirira zake zopinda. Tiyi ndi mpunga zimatheka bwinobwino, koma nsima ayi, mthiko sufika m'makona nde ufa umatsalira, komanso chogwirira chimatentha, gwirani ndi kansanza.

Mukachipeza pa mtengo umenewu tengani, bola muonetsetse tizitsulo kuti sitinachite dzimbiri komanso muziika pulasitiki yokhuthala mkati nthawi ya dzinja. Zovala za mawangamawanga zomwe zimatuluka mu mabelo omwewo zisiyeni, asilikali athu safuna kuona munthu wamba atavala zimenezo.