Sitolo ya makobidi akale ku Berlin: sikelo yake sinama, koma timapepala take sitinena zonse

Sitolo imene ndikunenayi ndi yaing'ono, ili m'kamsewu kena mumzinda wa Berlin, ndipo malonda ake ndi makobidi akale okhaokha. Ndinalowamo pofunafuna ndalama za ku German East Africa, dziko lolamulidwa ndi atsamunda a ku Germany (mbali yake yaikulu lero ndi Tanzania) limene linkachita malire ndi Nyasaland pa mtsinje wa Songwe, ndipo ndinatulukamo ndi makobidi atatu.

Pa nkhani ya chitsulo, mwini sitoloyi sabisa kanthu. Asanatchule mtengo, anaika rupiya ya 1891 pasikelo ine ndikuona, ndipo inalemera magalamu 11.6, monga mmene rupiya ya siliva ya nthawiyo iyenera kulemerera. Kenako anandipatsa galasi lokuzira zinthu n'kundilozera timizere tosaoneka bwino pa tsaya la mfumu ya Germany Wilhelm II, umboni wakuti wina anaikwecha kuti iwale, ndipo anatsitsa mtengo ine ndisanadandaule n'komwe. Mfumuyo yavala chisoti chokhala ndi chiwombankhanga pamwamba, pomwe kuseri kuli mkango ndi mtengo wa kanjedza, chizindikiro cha kampani ya Deutsch-Ostafrikanische Gesellschaft, imene inkalamulira dzikolo poyamba ndipo inapitiriza kusula ndalama ngakhale boma la Germany linali litatenga ulamuliro wa dzikolo pambuyo pa kuukira kwa anthu a m'mphepete mwa nyanja kotsogoleredwa ndi Abushiri.

Chimene chinandikhumudwitsa ndi timapepala timene amaika pamodzi ndi khobidi lililonse. Ka rupiya yachiwiri kamangonena chaka, 1905, kulemera kwake, ndiponso kuti chilembo J chikutanthauza kuti inasulidwa ku Hamburg. Sikatchula kuti chaka chimenecho ndi chomwe inayamba nkhondo ya Maji Maji, pamene anthu a kum'mwera kwa dzikolo anakana kulima thonje mokakamizidwa, kapena kuti msonkho wa nyumba umene unayamba mu 1898 ndi umene unkachotsa anthu m'minda yawo kuti akasake rupiya zoterezi. Ife amene makolo athu ankathawira kutchire poopa msonkho ndi thangata sitifunika kuuzidwa kulemera kwa ndalama ya atsamunda, koma wogula wa ku Berlin akhoza kupita nayo kwawo akuganiza kuti wagula chokongoletsera chabe. Nditafunsa, mwini sitolo anafotokoza mbiriyo bwinobwino, zomwe zikusonyeza kuti amaidziwa, kungoti sailemba.

Khobidi lachitatu ndi limene ndimalikonda koposa, ngakhale kuti ndi lonyansa m'maonekedwe. Ndi la mahela 20 (hela inali ndalama yaing'ono kuposa rupiya), la chitsulo chachikasu, lokhala ndi chilembo T, ndipo linasulidwa mu 1916 ku Tabora, m'nyumba yokonzera zipangizo za njanji, chifukwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse sitima zankhondo za Angelezi zinali zitatseka njira ya panyanja moti ndalama zochokera ku Germany sizinkafikanso. Zilembo zake n'zopendekeka, m'mphepete mwake ndi mokakala, ndipo ukaligwira umamva kuti osulawo anali pa liwiro, nkhondo yomwe inafika ku Karonga mu September 1914 itayamba kuwapanikiza.

Ndinafunsanso za khobidi la golide la marupiya 15 lokhala ndi njovu, losulidwa ku Tabora komweko. Mwini sitolo anandiuza kuti analibe, ndipo anandichenjeza kuti ndisagule pa intaneti popanda katswiri woliyeza, popeza achinyengo ndi ambiri.