Kalasi ya womenya mkazi kapena kukambirana ndi dera lonse?

Ku Duluth, Minnesota, ku America, cha m'ma 1980 anayambitsa njira yoti bambo akamenya mkazi wake khoti limutumize ku kalasi ya gulu sabata ndi sabata, akamve kuti vuto lake ndi kufuna kulamulira osati mowa kapena kupsa mtima chabe. Nzeru yabwino ndithu, koma wofufuza wina dzina lake Babcock ndi anzake ataunika makafukufuku ambiri mu 2004 anapeza kuti kusintha kwake nkochepa, komanso azibambo ambiri amathawa pulogalamu isanathe, apa mayi uja wavulala kale.

Njira ina ndi pulogalamu ya SASA! ya bungwe la Raising Voices ku Kampala, Uganda, yomwe siyidikira polisi ayi. Amaphunzitsa anthu wamba, amuna ndi akazi omwe, kuti azikambirana ndi maneba awo za mphamvu m'banja, ndani amalamula ndalama, mkazi angakane kugonana kapena ayi, nkhani zomwe ambiri timaziopa. Zotsatira za kafukufuku zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti kumenyedwa kwa amayi kunatsika pafupifupi ndi theka, ngakhale madera anali 8 okha.

Ineyo mtima wanga uli ku SASA! kwambiri. Koma bambo yemwe wathyola kale mkono wa mkazi wake, ameneyo mlandu upite kukhoti basi, kalasi ibwere pambuyo.