NSFAS: thandizo labwino, koma khomo lake ndi lopapatiza

Kwa makolo a ku Malawi amene ali kuno ku Joni, funso loyamba si ndalama ayi, ndi mapepala. NSFAS, bungwe la boma lolipirira ophunzira a ku yunivesite ndi ku koleji, imathandiza nzika za South Africa ndi amene ali ndi permanent residence basi. Mwana wa pasipoti ya Malawi ndi study visa sapatsidwa, ngakhale atabadwira ku Rosettenville n'kukhoza matric bwino.

Wa ID yoyenera aone ndalama za pakhomo: zisapitirire R350,000 pachaka, kapena R600,000 ngati ali ndi ulumali. Olandira ndalama za chithandizo cha boma za SASSA amadutsa msanga pa mfundo imeneyi. NSFAS imalipirira ku mayunivesite aboma, monga Wits ndi UJ, ndi makoleji aboma a ntchito zamanja (TVET) okha. Makoleji apulayiveti odzaza mu Braamfontein aja, iwalani.

Kulembetsa pa webusaiti ya myNSFAS n'kwaulere ndipo foni ikukwana, apa tiwayamikire. Musalipire munthu wokulemberani. Chopweteka mutu n'chakuti amafananiza zonse ndi Home Affairs ndi SARS (bungwe la misonkho), ndiye dzina likasiyana chilembo chimodzi, kapena makolo osasaina consent form, pempho limangoima. Nambala ya foni ikhale ya mwana mwini, yosasinthasintha, chifukwa OTP, nambala yachinsinsi yotsimikizira kuti ndi iyeyo, imapita komweko.