Discord: mpanda ndi wolimba, koma chipata amachisiya chotsegula

Discord, pulogalamu yochezerana pa intaneti, inayamba mu 2015. Jason Citron ndi Stanislav Vishnevskiy anaipanga kuti osewera magemu a pa kompyuta azilankhulana uku akusewera. Inapeza mbiri ya magulu a osewerawa itaipa kale. Mu 2014, pa mkangano wa Gamergate, Zoë Quinn ndi Brianna Wu, opanga magemu, komanso Anita Sarkeesian, wounika magemu, anatukwanidwa ndi kuopsezedwa kuti aphedwa, mpaka anathawa m'nyumba zawo. Ochita zimenezi ankapangana kaye pamalo amodzi, n'kukamugwera munthu mmodzi onse pamodzi, aliyense atabisa dzina. Njira imeneyi inasamukira pa Discord mosavuta, chifukwa aliyense amatsegula seva (malo ochezera a gulu lake) yaulere m'mphindi imodzi, osaonetsa nkhope. Mu 2017, zitachitika zipolowe za ku Charlottesville ku America, kampaniyi inatseka maseva a magulu osankhana mitundu amene ankakumanirapo. Pofika 2020 inali itayamba kudzitsatsa ngati malo ochezera wina aliyense, osati a magemu okha.

Lero zida zotetezera gulu zilipo, ndipo ndi zaulere. Nitro, umembala wa Discord wolipira $9.99 pamwezi, siwonjezerapo kanthu pa chitetezo. Vuto ndi lakuti seva yatsopano imabwera zambiri zili chotsegula, ndipo mwini wake akapanda kuzitseka, wina aliyense amangolowa.

Poyambira ndi Verification Level, imene imaika zoyenera kukwaniritsa munthu asanayambe kulemba mu seva. Gawo la Low limafuna imelo yotsimikizika. Medium imawonjezera kuti akaunti ikhale itatha mphindi 5 chitsegulireni, High imamudikiritsa mlendo mphindi 10 asanalembe kanthu, pomwe Highest imafuna nambala ya foni. Anthu obwera mwachigulu kudzasokoneza amadalira maakaunti ongotsegula kumene, choncho High imawafooketsa ambiri. Highest ndi yoyatsa tsiku la chipwirikiti lokha, chifukwa imabwezanso anthu abwinobwino amene safuna kupereka nambala yawo. Linki yoitanira anthu muziiikira malire a masiku ndi chiwerengero cha olowa. Ya muyaya ikangofika pa Facebook, simungaibwezenso, koma kuifufuta basi. Ndipo pa udindo wa @everyone, umene membala aliyense amakhala nawo, chotsanipo mphamvu yotchula gulu lonse mu uthenga umodzi, apo ayi munthu mmodzi adzadzutsa mafoni a anthu 500 pakati pa usiku.

AutoMod, imene inabwera mu 2022, ndiyo chida chabwino kwambiri pano. Imagwira yokha uthenga wa mawu oletsedwa usanaoneke, n'kuutumiza ku tchanelo (chipinda cha mu seva) cha oyang'anira okha. Imathanso kuletsa uthenga wotchula anthu ambirimbiri nthawi imodzi. Koma mndandanda wake wa mawu oipa ndi wa Chingerezi. Kutukwana kwa Chichewa kumadutsa ngati moni, mpaka mutalemba nokha mawuwo mu Custom Keywords. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mukaika nyenyezi (*) mbali zonse ziwiri za mawu, AutoMod imawagwira ngakhale ali m'kati mwa mawu ena, ndipo pa chilankhulo cholumikiza maphatikizo ngati chathuchi, tsinde lalifupi limakola mawu osalakwa ambiri. Sabata yoyamba muike kuti izingodziwitsa oyang'anira, osaletsa, muone zimene ikukola, kenako mukonze mndandandawo.

Zilango zili bwino ndithu. Timeout imamutseka munthu pakamwa kuyambira masekondi 60 mpaka sabata imodzi, kapena masiku 28 mukagwiritsa ntchito bot, pulogalamu yothandiza kuyang'anira seva. Slowmode imachedwetsa mauthenga, kuyambira masekondi 5 mpaka maola 6, ndipo masekondi 30 okha amaziziritsa mkangano chifukwa anthu amasiya kuyankhana ali moto. Kick, yongomutulutsa munthu mu seva, ndi yachabe ngati linki idakalipo, wothamangitsidwayo amangobwerera. Ban ndiyo imatseka, ndipo imatha kufufuta zimene munthuyo analemba m'masiku 7 apitawo. Jambulani umboni musanafufute.

Pamene Discord imalephera ndi pa nkhanza ya eni gulu. Chimene chinaipitsa mbiri ya magulu amenewa si alendo osokoneza okha ayi. Ndi mkhalakale uja amene amamufunsa mtsikana wongolowa kumene mafunso khumi kuti aone ngati gemuyo amaidziwadi, kapena kuseka wofunsa funso losavuta. Satukwana, choncho AutoMod ilibe pomugwira. Nthawi zambiri ndi mnzake wa woyang'anira, ndipo udindo wake uli pamwamba. Discord salola woyang'anira kulanga munthu wa udindo wofanana naye kapena womuposa, ndipo mwini seva palibe angamukhudze. Mwiniyo akakhala kuti ndiye gwero la vuto, chotsala ndi kukadandaula ku kampani kapena kutuluka. Audit Log imaonetsa amene walanga ndani, koma pakapita masiku 45 zimafufutika.

Kwina kofooka ndi kolankhulana ndi mawu. AutoMod simva zolankhulidwa, Discord sijambulira oyang'anira, ndipo odandaula amabwera opanda umboni. Pa gulu la anthu osadziwana, matchanelo a mawu muwatsegulire okhawo amene apatsidwa udindo atakhalamo sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pa masewera aakulu woyang'anira mmodzi azikhala momwemo, chala chili pa Server Mute, batani lotseka maikolofoni ya munthu.