Ndemanga pa mapuloti ndi nyumba zotsika mtengo za ku Puna, Hawaii, kwa opuma pa ntchito

Ogulitsa nyumba pa chilumba chachikulu cha Hawaii, m'dziko la America, amamudziwa bwino munthu amene akumusaka. Ndi munthu amene wapuma pa ntchito, penshoni yake ndi yochepa, watopa ndi chisanu cha kwawo, ndipo wamva kale kuti ku Honolulu, likulu la Hawaii lomwe lili pa chilumba cha Oahu, sangakwanitse, pakuti mu 2021 mtengo wa nyumba wamba ya banja limodzi pa chilumba cha Oahu unadutsa madola 1 miliyoni. Munthu wotere amamulozera ku Puna, dera la kum'mawa kwa chilumba chachikulucho, kumwera kwa mzinda wa Hilo, kumene nyumba zambiri sizifika ndi theka lomwe la mtengo umenewo, ndipo puloti yopanda kanthu nthawi zina imagulidwa pa ndalama zimene ena amagulira galimoto. Mitengoyi ndi yoona, ndipo palibe chinyengo pa manambala amene amalembedwa. Chofunika kuyeza ndi katundu weniweniyo, pamodzi ndi zinthu zimene wogula amayembekezera kuzipeza koma mtengowo sunaziphatikize.

Mapuloti ambiri a ku Puna anadulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960, nthawi imene eni malo ankaloledwa kugawa nkhalango ndi miyala ya chiphalaphala chouma m'zidutswa zikwizikwi popanda kumanga misewu ya tala kapena kukoka mapaipi a madzi. Ambiri anagulidwa ndi anthu akutali amene sanawaone n'komwe. Ndi mmene madera monga Hawaiian Paradise Park, Hawaiian Acres, Orchidland, Ainaloa, Nanawale Estates ndi Leilani Estates anayambira. Ku Hawaiian Paradise Park kokha kuli mapuloti oposa 8,000, ambiri a ekala imodzi, pamene ku Hawaiian Acres ambiri ndi a maekala atatu. Misewu yambiri ya m'kati mwa maderawa si ya boma. Imasamalidwa ndi mabungwe a eni mapuloti kudzera m'ndalama zimene aliyense amasonkha, ndipo ubwino wa msewu wa pakhomo panu umadalira mmene bungwe lanulo likuyendera komanso kuchuluka kwa anansi amene amalipira.

Zabwino zake zilipo ndipo siziyenera kuchepetsedwa. Nyengo ndi yofunda chaka chonse, kotero palibe ndalama yotenthetsera nyumba. Zipatso zimabereka popanda kuthirira, malo ndi otakasuka, ndipo msika wa Maku'u, umene umachitika Lamulungu m'mbali mwa msewu wa pakati pa Keaau ndi Pahoa, umapatsa mlendo mwayi wodziwana ndi anthu mofulumira. Boma la Hawaii silidula msonkho pa ndalama za Social Security, zimene boma la America limapereka kwa opuma pa ntchito, ngakhalenso pa gawo la penshoni limene analipira olemba ntchito, ndipo msonkho wa malo uli m'gulu la yotsikitsitsa m'dziko lonse la America, wokhala ndi kuchotsera kowonjezera kwa okalamba amene akukhala m'nyumba zawo. Kwa munthu wodalira penshoni zimenezi ndi ndalama zooneka.

Chifukwa chachikulu cha kutsika kwa mtengo chili pansi pa nthaka. Puna yakhala pa mapiko a Kilauea, limodzi la mapiri ophulika pafupipafupi kwambiri pa dziko lapansi. Mu 1960 chiphalaphala chinakwirira mudzi wa Kapoho, mu 1990 chinameza mbali yaikulu ya Kalapana, mu 2014 chinafika m'mphepete mwa tauni ya Pahoa n'kuima, ndipo pa 3 May 2018 nthaka inang'ambika m'kati mwenimweni mwa Leilani Estates. Kuphulika kumeneko kunatenga miyezi itatu, kunawononga nyumba zoposa 700, ndipo kunadzaza gombe la Kapoho mpaka nyanja inasanduka mtunda. Bungwe la boma loona za nthaka, la USGS, linagawa chilumbachi m'zigawo zisanu ndi zinayi malinga ndi chiopsezo cha chiphalaphala, ndipo chigawo choyamba ndicho choopsa koposa. Leilani Estates ili m'chigawo choyamba, mbali yaikulu ya Nanawale ili m'chachiwiri, pamene Hawaiian Paradise Park ili m'chachitatu. Kusiyana kwa mitengo ya mapuloti kumatsatira mapu amenewa mokhulupirika kuposa mmene kumatsatira kukongola kwa malo.

Chimene ogula ambiri sachiganizira n'chakuti nambala ya chigawo imapweteka m'thumba ngakhale phiri litagona zaka makumi. M'zigawo ziwiri zoyambazo makampani ambiri a inshuwalansi amakana kulandira nyumba, n'chifukwa chake mu 1991 nyumba ya malamulo ya Hawaii inakhazikitsa bungwe la Hawaii Property Insurance Association kuti likhale pothawira pa anthu okanidwa kwina. Bungweli lili ndi malire a ndalama zimene lingalipire, ndipo mtengo wake ndi wokwera kuposa wa inshuwalansi wamba. Kumene inshuwalansi ikuvuta, mabanki ambiri safuna kubwereketsa, kotero nyumba zambiri zimagulidwa ndi ndalama zapamanja. Zotsatira zake n'zakuti munthu wokalamba amathira chuma chake chonse m'nyumba imene ogula ake ndi ochepa pa tsiku limene adzafune kuigulitsa. Kwa ine ili ndilo vuto lalikulu la katunduyu, kuposa kuopa moto weniweniwo. Wa zaka makumi atatu akataya nyumba angathe kuyambanso, koma wa zaka makumi asanu ndi awiri alibe nyengo ina yogwirira ntchito. Wogulitsa amene akulankhula za mitengo ya zipatso ndi phokoso la mafunde koma sakutchula chigawo cha puloti ayenera kufunsidwa mwachindunji, ndipo yankho lake lifananizidwe ndi mapu a boma komanso mtengo wolembedwa wochokera ku inshuwalansi, pakuti safunsa anadya phula.

Madzi ndi nkhani ina yofuna nthawi. Nyumba zambiri sizilumikizidwa ku mapaipi a boma, ndipo zimadalira madzi a mvula otsika padenga kupita m'thanki yaikulu. Mvula siisowa kawirikawiri, pakuti ku Hilo imagwa yopitirira mamilimita 3,000 pachaka, koma thanki imafuna chivindikiro chabwino, pampu, masefa osintha nthawi ndi nthawi ndi chipangizo chophera tizilombo. Chifukwa chake si ukhondo wamba ayi. Kum'mawa kwa chilumbachi kuli matenda oyambitsidwa ndi nyongolotsi imene imakhala m'mapapo a makoswe, n'kudutsa m'ndowe zawo kupita mu nkhono, makamaka zopanda chigoba chokwanira. Munthu akameza kankhono kobisala m'masamba aawisi, nyongolotsizo zimatha kufika ku ubongo n'kutupitsa zokuta zake, ndipo ena amatsala ndi ululu kapena kulumala kwa nthawi yaitali. Nkhono zikagwera m'thanki yosavindikira bwino zimaipitsanso madziwo. Mabanja ambiri amasamba ndi kuchapa ndi madzi a m'thanki, koma akumwa amakatunga ku mipopi imene boma linaika m'malo angapo. Kukwera makwerero kukayeretsa ngalande za padenga ndi kunyamula zigubu ndi ntchito zimene munthu amakwanitsa chaka chimene akugula, koma ayenera kudzifunsa ngati adzazikwanitsa patapita zaka khumi ndi zisanu. Palinso zonyansa za m'chimbudzi. Nyumba zambiri zakale zimangozitayira m'dzenje, ndipo lamulo la mu 2017 likufuna kuti maenje onse otere akhale atasinthidwa pofika 2050, ntchito yodula kwambiri pa nthaka ya mwala.

Nanga kuipa kwa mbiri ya derali? Zina mwa zimene zimanenedwa ndi zoona. Umphawi ndi wochuluka kuposa m'madera ambiri a Hawaii, mankhwala osokoneza bongo amene kumeneko amawatcha ice avutitsa mabanja, nyumba zosiyidwa zopanda munthu zimathyoledwa kapena kulowedwa ndi anthu osaloledwa, ndipo m'misewu ina muli magalimoto otayidwa, agalu olekerera ndi makola a atambala olira usiku wonse. Dera lonse n'lalikulu pafupifupi ngati chilumba cha Oahu, kotero apolisi sangafike msanga paliponse. Komabe vuto limene lakula ndi kuba katundu, ndipo limasiyana kwambiri kuchoka pa msewu wina kupita pa wina, mwakuti dzina la dera lokha silikuuzani zambiri. Anthu amene amakhala pakhomo chaka chonse, amapatsa moni anansi, ndiponso salowerera msanga m'mikangano ya mabungwe a misewu, kawirikawiri amakhala mwamtendere. Amene amabwera ndi mtima wophunzitsa eni dera mmene ayenera kukhalira amadzitsekera okha zitseko, ndipo n'zomveka, chifukwa mabanja ambiri a chi Hawaii anafika ku Puna atathamangitsidwa kwina ndi mitengo yomweyo imene alendo amakweza. Phokoso lotsimikizika usiku uliwonse ndi la achule a coqui ochokera ku Puerto Rico, amene ena amawazolowera ndipo ena amalephera.

Pa nkhani ya chipatala katunduyu akulephera mayeso. Chipatala chachikulu chili ku Hilo, makilomita oposa 30 kuchokera ku Pahoa, ndipo njira yaikulu ndi imodzi, Highway 130, imene imadzaza m'mawa ndi madzulo komanso imatsekeka pakachitika ngozi. Mphepo yamkuntho ya Iselle mu 2014 inagwetsa mitengo ya albizia pa misewu ndi pa mawaya, ndipo mabanja ena anakhala masabata opanda magetsi. Chilumbachi chili ndi kuchepa kwa madokotala kodziwika bwino, ndipo matenda ena amafuna ulendo wa pandege kupita ku Honolulu. Mabasi a Hele-On, amene boma la chilumbachi linasiya kulipiritsa mu 2022, ndi thandizo lenileni, koma amayenda makamaka m'misewu ikuluikulu, ndipo kuchoka pakhomo kufika pokwerera ungakhale mtunda wautali pa msewu wa miyala. Tsiku limene munthu adzasiye kuyendetsa galimoto ndilo limene puloti ya maekala atatu idzamukulire.

Zolipira za mwezi ndi mwezi nazo sizitsatira mtengo wa nyumba. Magetsi a ku Hawaii ndi odula kuposa a chigawo china chilichonse cha America, chakudya chambiri chimabwera pa sitima kuchokera kutali, ndipo msonkho wa malonda wa 4.5 peresenti umagwera ngakhale zakudya. Chinyezi chimadyetsa dzimbiri ndi chuku zinthu za m'nyumba, ndipo chiswe ndi nyerere zoluma zimafuna mankhwala kosalekeza.

Chigamulo changa n'chakuti nyumba za ku Puna zikuyenera munthu wa thanzi labwino, wodziwa kukonza zinthu ndi manja ake, amene angagule n'kutsala ndi ndalama zokwanira kusamukira kwina zinthu zikasintha, ndipo kwa ameneyu ndingalimbikitse chigawo chachitatu, pafupi ndi msewu wa tala, ngakhale mtengo utakwererapo. Sizikuyenera munthu wodwala mtima kapena mapapo, wokhala yekha popanda wachibale pafupi, kapena wofuna kukhala miyezi ina kwina n'kusiya nyumba yopanda munthu. Wochokera kunja kwa America adziwenso kuti dzikolo lilibe chiphaso cha opuma pa ntchito, ndipo kugula nyumba sikupatsa ufulu wokhalamo. Amene zonsezi sizinamubweze ayambe wachita lendi chaka chathunthu pa msewu womwewo umene akufuna kugula, kuti aone nyengo ya mvula, amve usiku wake, ndiponso ayese kupeza dokotala womulandira asanasaine pepala lililonse.