Lesitilanti ya kuseri kwa msika wa Limbe, ndowa ikadali pakhomo

Ndine telala, ndimasoka pakhonde la sitolo ina ku Limbe, ndipo kuyambira 2019 nkhomaliro ndimadyera kwa mayi ena kuseri kwa msika. Nsima yawo ndi ya ufa woyera, yopsa bwino, imafika patebulo ikufuka nthunzi. Nkhuku ya lokolo saifulumizira, amaiphika mpaka nyama kuyamba kusiyana ndi fupa. Koma chimene chimandikokera kumeneko ndi nkhwani wotendera. Nsinjiro sawumira.

Zodandaula zilipo. Chambo nthawi zina chimawuma kwambiri m'mafuta, ndipo ikakwana 12 koloko mabenchi amadzaza, mumadya mutapanikizana.

Pakhomo pali ndowa ya mpopi ndi sopo, ija anaika nthawi ya Covid-19. Ena anachotsa kalekale, iwo ayi. Mu Epulo 2020, boma litalengeza m'bindikiro wa masiku 21, mayiwa anandiuza misozi ili m'maso kuti akatseka sabata imodzi yokha ana agona ndi njala. Khoti litapereka chiletso, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC litakadandaula, tonse tinapuma. Ine ndinali kusoka mamasiki a chitenje usana ndi usiku, ndipo atsikana awo antchito onse atatu anavala anga.

Kenaka mu Januwale 2021 matenda anatipeza zenizeni. Nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi, ndipo mwezi womwewo mayiwa anaika m'manda mchimwene wawo. Katemera wa AstraZeneca atafika mu Malichi, anakabayitsa msanga. Mtsikana mmodzi anakana, ankaopa zomwe ankamva pa WhatsApp zoti sadzabereka. Sanamuchotse ntchito. Ankangomulankhula pang'onopang'ono akutsuka mbale, kumuonetsa mkono wawo: "Mwanangu, taona, ndafa ine?" Patapita miyezi anapita yekha.

Tsiku lina bambo wina wa tayi anatiuza kuti nthawi imeneyo ku France munthu sankalowa mu lesitilanti popanda chiphaso cha katemera kapena choti wayezetsa, ndipo anati nafenso tizitero. Mkangano unabuka, nsima mpaka kuzizira. Mayi anayankha ali chiimire, chipande kumanja: "Bambo, wanjala sindimufunsa khadi. Asambe m'manja, akhale pansi."

Ine ndinabayitsa, ndipo ndimakhulupirira kuti katemera anapulumutsa anthu. Komabe ndili mbali ya mayiwa. Nthawi ina katemera anatha m'zipatala, anthu kubwerera osabayitsa. Ukanamubweza bwanji wonyamula katundu pamsika chifukwa cha pepala lomwe sakanatha kulipeza?

Mukafuna kukadya, fikani cha m'ma 11 koloko nkhwani asanathe. Sopo ali pa kachingwe, pambali pa ndowa.